Chaka Chimene Hazel Anafuna Kupita ku Montenegro

Hazel Mtambalika ndinamudziwa asanayambe n'kuyenda komwe. Ine ndi amayi ake, a Vailet, tinkapemphera limodzi mu holo ina ya ku Braunstone, imene Amalawi a muno mu Leicester tinkabwereka Lamulungu masana azungu akamaliza mapemphero awo. A Vailet ndi namwino pachipatala chachikulu cha mumzinda. Ine ndimagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba ku Wigston. Mwanayo anakula akundiitana Anti Maureen, ngakhale chibale chathu n'chongochokera dziko limodzi basi.

Bambo ake, a Zefaniya, kumudzi anali mphunzitsi wa jogalafe pasekondale ina ku Dedza. Anatsatira akazi awo kuno ali ndi chiyembekezo choti adzaphunzitsanso. Koma anauzidwa kuti ayambe abwerera m'kalasi, ndipo nthawi yoteroyo analibe. Analowa ntchito ya mu weyahausi, kulongedza katundu m'makatoni, akuti angogwirizira miyezi ingapo. Imvi zinawapeza momwemo. Anali munthu wofatsa, wosaphonya tayi Lamulungu, ndipo Chingerezi chawo chinali cha m'buku, chosadumpha liwu.

Hazel anali mwana mmodzi yekhayo. Anakulira m'nyumba yalendi ya khansolo ya mzinda, yoyang'anana ndi paki, ndipo kiyi wa pakhomo anayamba kuyenda naye m'khosi ali wamng'ono chifukwa makolo onse awiri ankakhala ku shifiti. Chichewa ankamva chonse, ndi miseche yomwe imene tinkanong'onezana kukhitchini, koma poyankha ankayankha m'Chingerezi. Sanali mwana wovuta. Kusukulu ankakhoza bwino, ndipo ankafuna kudzakhala wa mafizo, othandiza anthu ovulala kuti ayambenso kuyenda. Kunja kwa England anali asanapiteko. Ulendo wa kumudzi unkakambidwa chaka ndi chaka, koma nthawi zonse pankagwa china.

Zinthu zinayamba kupotoka Hazel atatsala chaka chimodzi kuti amalize sekondale. Tsiku lina masana foni yanga inalira. Anali a Titus, mnzathu wa ku Zambia wa kutchalitchi komweko, amene amayendetsa basi.

"Ba Maureen, ba Mtambalika ali mu basi yanga," anatero. "Tafika ku Wigston kosilizira, koma safuna kuseluka. Akamba kuti ayembekeza Dedza."

Ndinapempha kwa abwana n'kuthamangira kusiteji. Ndinawapeza atakhala pampando wa kutsogolo, chikwama cha nkhomaliro chili pamiyendo. Atandiona anandipatsa moni mwaulemu ngati mlendo. Panapita kanthawi ndithu asanandizindikire, ndipo atandizindikira anachita manyazi kwambiri, n'kundipempha kuti ndisawauze akazi awo. Ndinawauzabe.

Madokotala anati ndi matenda a muubongo oiwalitsa, amene kuno amati dimensha. Ntchito inathera pomwepo, munthu asanakwanitse n'zaka makumi asanu ndi limodzi zomwe. A Vailet anayamba kutenga mashifiti oonjezera kuti nyumba iyende. Choncho amene ankakhala ndi odwala kuyambira masana mpaka amayi abwere anali Hazel. Akaweruka kusukulu ankathamangira basi, kufika n'kuona ngati mbaula yazimitsidwa, kuwapatsa mankhwala, kubisa makiyi, kenaka n'kutsegula mabuku ake patebulo khutu lili kuchitseko.

Nthawi ya Diwali itakwana, pamene Amwenye amayatsa magetsi a mitundumitundu mumsewu wonse wa Belgrave, Hazel ananditumizira uthenga kuti tikumane kumeneko. Tinalowa m'kasitolo kena kogulitsa tiyi wa masala ndi zotsekemera, n'kukhala pakona. Panja anthu anali pikitipikiti, ana atanyamulidwa m'mapewa. Iye sankayang'ana n'komwe.

"Anti, mumaidziwa Montenegro?" anandifunsa m'Chingerezi chake.

Ndinayankha kuti mwina ndi dzina la galimoto. Anaseka pang'ono, kenaka anandionetsa pafoni. Linali dziko laling'ono kumayiko a Balkan, kutsidya kwa nyanja kuchokera ku Italy, lamapiri akuda otsetsereka mpaka m'madzi. Mnzake wa m'kalasi, Tasneem, anali atapeza kabungwe kena kamene kamatenga achinyamata kuti akathandize kuphunzitsa ana Chingerezi m'tauni ina ya m'mapiri. Pogona ndi chakudya amapereka eni ake. Tasneem anali atatsimikiza kale kuti akamaliza mayeso apuma chaka asanalowe yunivesite, ndipo ankafuna apite awiri.

"Yunivesite imalola, Anti. Malo amakusungira chaka chimodzi."

"Nanga bwanji Montenegro, mwanawe? Kuli ndani wako kumeneko?"

"Kulibe aliyense," anatero. "N'chifukwa chake."

Anazunguza kapu ya tiyi. Kenaka anayamba kufotokoza, osati mondipempha nzeru koma ngati munthu amene wakhala akukangana yekha mumtima nthawi yaitali. Yunivesite imene ankafuna inali ku Nottingham, pafupi pomwepa. Ankadziwa kuti akalowa sakagona kumeneko, azidzabwerera tsiku lililonse pasitima kudzaona bambo ake, ndipo moyo udzakhala womwewu. Koma akapita kutali, kumene munthu sangamuimbire kuti bwera msanga, mwina akanagona tulo tokwanira. Mbali inayi, anati, ankaopa kuti pobwerera adzapeza bambo ake osamudziwa. Ankaopanso kukhala munthu wakuda yekha m'tauni yonse, poti anali atawerenga kuti kumeneko anthu amatha kukuyang'anitsitsa mumsewu, ena n'kufuna kukugwira tsitsi.

"Ndine woipa, eti Anti?"

Ndinamuuza kuti si woipa, watopa chabe. Koma nditamufunsa ngati amayi ake akudziwa, anapukusa mutu n'kundipempha kuti ndidzakhalepo tsiku lowauza.

Linali Lamulungu, titabwerako kutchalitchi. A Zefaniya anali pabalaza akuonera mpira wopanda mawu. A Vailet ankadula anyezi, ndipo Hazel atamaliza kulankhula anaika mpeni pansi pang'onopang'ono.

"Gapu yiya," anatero. "Maureen, mwamva? Mwana wanga akufuna gapu yiya. Ine chiyambire ntchito ku Kamuzu Central ndinapumako chaka chiti? Bambo akowo anasiya choko n'kumanyamula makatoni kuti iwe uphunzire, lero ukuti ukufuna ukaone mapiri? Mapiri ku Dedza kulibe?"

"Simunanditengereko," anayankha Hazel.

Mawu amenewo anawalasa. Anatembenukira kusinki n'kutsegula madzi opanda chotsuka. Atayankhulanso, mawu anali atatsika.

"Ukapita, ndani akhale nawo masana? Ndisiye ntchito? Tidya chiyani? Kapena ukufuna ndikawasiye kwa a Maureen uko, azikadyetsedwa ndi supuni ndi anthu osawadziwa?"

Ine ndinangoyang'ana pansi, chifukwa ntchito yodyetsa anthu ndi supuniyo ndi yangadi, ndipo ndimadziwa mmene amakhalira nkhope anthu amene abale awo anasiya kubwera.

Nkhani inafika kutchalitchi, sindikudziwa kuti inadzera kuti. Amayi ena ankati ana obadwira kuno alibe chisoni. Ena ankati kumayiko amenewo atsikana amabedwa. Hazel anasiya kubwera ku mapemphero, ndipo ankati akuwerenga.

Chimene chinamusokoneza kwambiri chinachitika mu Januwale. Masana ena bambo ake anali bwinobwino, monga zimachitikira ndi matendawa, mutu utayera ngati kale. Hazel analimba mtima n'kuwauza zonse. Anandifotokozera pambuyo pake kuti nkhope yawo inawala.

"Montenegro! Kale inali mbali ya Yugoslavia imeneyo," anatero. "Ndinkaphunzitsa za mapiri ake a miyala ya laimu, madzi amalowa pansi n'kukatulukira kwina. Ndinkangojambula pabolodi, osawaonapo. Pita, mama. Ukaone, udzandiuze ngati ndinkanama."

Hazel analira ndi chimwemwe. Anaimbira Tasneem, ndipo madzulo ake anauza amayi ake kuti adadi avomera. A Vailet anati chabwino, tiwafunse pamodzi. M'mawa mwake atawafunsa, a Zefaniya anayang'ana mwana wawo modabwa.

"Akupita ndani? Kuti?"

Hazel anafotokozanso kuyambira pachiyambi. Ulendo uno bambowo anagwira dzanja lake mwamphamvu. Ankamutchula dzina la mlongo wawo amene anamwalira kalekale, n'kumamuchonderera kuti asawasiye okha pakhomo, mvula ikubwera ndipo mbuzi sizinalowe m'khola. Hazel anayesanso masiku ena. Tsiku lina bambowo ankati pita, tsiku lina ankalira, tsiku lina ankangomuyang'ana. Anadzandifunsa kuti mwa onsewa bambo ake enieni ndi ati, oti awamvere.

Nthawi yomweyo Chingerezi cha a Zefaniya chinayamba kuthothoka. Poyamba ankasakaniza, kenaka anasiyiratu. A khansolo anali atayamba kutumiza wothandiza m'mawa kudzawasambitsa, mayi wina wachizungu wodekha bwino. Tsiku lina bambowo anakana kuti awakhudze. Anadzitsekera kubafa akukuwa m'Chichewa kuti m'nyumba mwalowa wakuba. A Vailet anali ku wodi, foni itatsekeredwa m'loka yosungiramo katundu. Mayiyo anaimbira kusukulu, Hazel n'kutuluka m'kalasi.

Anaima pachitseko cha bafa n'kulankhula m'Chingerezi monga mwa masiku onse. M'katimo kukuwa kunkangokulira. Ndiye anayesa chinenero chimene anali asanachilankhulepo chiganizo chathunthu.

"Adadi, ndine Hazel. Musaopa. Mayi uyu afuna kusamba inu."

Kenaka loko inatseguka. Bambo ake anasuzumira, thaulo lili m'manja.

"Umati, akufuna akusambitseni," anamukonza, mwauphunzitsi wawo womwe uja. Ndipo analola.

Kuyambira tsiku limenelo aliyense anaona chimene Hazel anali ataona kale. M'nyumba muja munali anthu awiri okha amene odwalayo akanatha kumvana nawo, ndipo mmodzi ankakhala ku ntchito tsiku lonse. Ine ndinkapitako ndikakhala pa ofu, a Titus nawo ankabwera kudzawatenga kukayenda mupaki, koma tonse tili ndi mashifiti athu. Hazel anayamba kundifunsa mawu: kumeza, kutsamwa, kuzizidwa, chizungulire. Ndiwo mawu a Chichewa amene anayamba kuwadziwa bwino.

Mayeso analemba mu Juni, maso ali ofiira. Zotsatira zitatuluka mu Ogasiti anapezeka kuti wakhoza, ndipo yunivesite inali itavomera kale kumusungira malo chaka chimodzi. Tasneem anali atagula chikwama chachikulu chobereka kumsana, ndipo tsiku lililonse ankafunsa kuti tibuke liti matikiti.

Apa ndi pamene a Vailet anandidabwitsa. Anabwera kwathu ku Wigston atavala yunifolomu, n'kukhala pampando osavula jekete.

"Maureen, mwana uja ndamuona dzulo akupukuta bambo ake kukamwa," anatero. "Wayamba kuyenda ngati ine, mapewa ali pansi. Ali ndi zaka khumi n'zisanu n'zitatu zokha. Ine ndinasankha ndekha unamwino, iye sanasankhe. Apite. Ndichepetsa mashifiti, zina Mulungu adziwa."

Anakamuuzadi mwana wawo usiku womwewo kuti apite ndi mtima woyera. Ndinkaganiza kuti Hazel alumpha. Koma chilolezocho chinafika mochedwa, mtima wake utazolowera kale kukana. Anati aona kaye. Anauza Tasneem kuti atsogole, iye amutsatira mu Januwale zinthu zikakhazikika, ndipo a kabungwe kaja anavomera. Tasneem ananyamuka mu Seputembala. Hazel anamuperekeza kukakwera basi ya ku bwalo la ndege, n'kubwerera kunyumba nthawi ya mankhwala isanakwane.

Miyezi yotsatirayo Tasneem ankatumiza zithunzi ndi timavidiyo. Ana a sukulu atavala majekete okhuthala akuimba nyimbo ya zilembo. Msewu wokhotakhota wotsikira kunyanja. Gogo wina wa nyumba imene ankagona akumukakamiza kudya tchizi cha nkhosa. Ankanenanso zoipa zake, kuti mvula ya kumeneko ikayamba sikata, kuti madzulo kulibe kopita, kuti anyamata ena anamukuwiza pamsika chifukwa cha mpango wake wa kumutu. Hazel ankaonera zonsezi atakhala pambali pa bedi la bambo ake, amene tsopano anali atawasamutsira pabalaza chifukwa masitepe anali atawakanika. Nthawi zina ankawaonetsa mapiri aja. Sankaonetsa kuti akuwazindikira.

Ndinamufunsa Hazel mu Disembala ngati wagula tikiti. Anati mawa. Nditamufunsanso anati mitengo yakwera chifukwa cha Khrisimasi. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, koma sindinamuuze zimenezo. Ndinaona kuti akudziwa yekha.

Januwale asanathe a Zefaniya anatsamwa ndi phala, chakudya n'kulowa m'mapapo. Chinasanduka chibayo. Anagonekedwa m'chipatala chomwe akazi awo amagwira ntchito, wodi ina, ndipo anamwalira m'mwezi wa Febuluwale, masana, Hazel atatsikira pansi kukagula tiyi. Atabwerera anapeza makatani atatsekedwa kuzungulira bedi.

Amalawi a ku Leicester, Nottingham ndi Derby tinasonkhana monga timachitira, ndipo thupi linapita kumudzi. Umenewo ndiwo unakhala ulendo woyamba wa Hazel kutuluka mu England, ndi pasipoti imene anapangitsira Montenegro. Ine sindinapite, koma a Vailet anandifotokozera. Akuti azakhali ake a Hazel anamukumbatira akulira, n'kumamutchula mzungu wathu. Akayesa kulankhula Chichewa ana ankaseka n'kumamuyeserera, mpaka anangosiya. Pamanda anaima chilili, osalira, akuyang'ana phiri la Dedza. Tsiku lotsatira anapempha msuweni wake kuti amuperekeze kusukulu imene bambo ake ankaphunzitsa. Anapeza aphunzitsi onse ndi atsopano, ndipo panalibe amene ankawakumbukira.

Atabwerera kuno, panalibenso chomuletsa. Tasneem anamulembera kuti malo akadalipo mpaka Juni, abwere ngakhale miyezi itatu yokha. A Vailet anamuuza kuti apite akapume. Hazel anati watopa, ndipo ankagona mpaka masana. Nthawi yotsimikizira malo ake ku yunivesite itakwana, sanayankhe. Amayi ake anakalipa, kenaka anachonderera, kenaka anandituma ine. Anandimvetsera mwaulemu mpaka ndinamaliza.

"Anti, mutu wanga sukugwira," anatero. "Ndikatsegula buku ndimangomvetsera kuchitseko."

Malo aja anapita. Tasneem anabwerako atanenepa pang'ono, akudziwa kuwerenga manambala m'chinenero cha kumeneko, ndipo mu Seputembala analowa yunivesite ku Sheffield. Amalemberanabe, koma mwa apo ndi apo.

Chakumapeto kwa chaka chimenecho kuntchito kwathu kunasowa anthu, ndipo Hazel anandifunsa ngati angaapulaye. Ndinamukaniza. Ndinamuuza kuti ntchito imeneyi imameza, umalowa ukuti miyezi ingapo. Anaapulayabe, ndipo anamutenga sabata yomweyo. Kunena zoona, amaigwira bwino kuposa ambiri a ife. Sathamangitsa okalamba pomeza, ndipo munthu akayamba kukuwa iye sanjenjemera. Abwana akufuna kumutumiza ku maphunziro kuti adzakhale woyang'anira shifiti. Tsopano ali ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi.

Mwezi wathawu a Vailet anatiitana ine ndi a Titus ku chakudya chamasana. Titadya anatiuza kuti mawondo awatha, ndipo akufuna zaka ziwiri zikubwerazi apume pantchito abwerere ku Dedza, akakhale pafupi ndi manda a amuna awo. Achimwene awo awapezera kale malo omangapo. Nyumba ya khansoloyi adzaibweza.

"Hazel ndi wamkulu tsopano," anatero. "Asankha yekha. Akafuna titsagane, akafuna atsale."

Tonse tinayang'ana Hazel. Iye anaunjika mbale, kuzitengera kusinki, n'kufunsa a Titus ngati basi ya ku Wigston ikuyendabe Lamulungu masana, poti anali ndi shifiti yolowa madzulo. A Titus anati ikuyenda, koma imachedwa. Anavala jekete n'kutuluka kukaidikira, kunja kukuwaza mvula.